Chipwitikizi chimandithawa pakamwa, kodi ubongo wanga wayamba kutha?

“Ndine mayi wa zaka 46 wa ku Mwanza, ndimachita geni ya zitenje ndi nsapato ndipo ndimapita ku Tete kawiri pa mwezi. Bambo a kunyumba anapeza ntchito ku Moatize, ndiye chaka chatha anatengana ndi mwana wathu wotsiriza wa zaka 9. Mwanayo pano akubwebweta Chipwitikizi ngati anabadwira komweko. Ine ndatha miyezi 8 ndikuphunzira, kope langa ladzaza mawu, usiku ndimamvera maphunziro pa foni. Ndikakhala ndekha mawuwo ndimawadziwa. Koma ndikaima pamaso pa ofesala pachipata cha Zóbuè kapena mwini sitolo, m’mutu mumangoti zii, apo ayi mumatuluka Chingerezi chimene ndinasiya ku Fomu 2. Ndikangochokapo, mawu aja ndi awa abwera. Tsiku lina ndinaiwala ngakhale liwu la Chichewa loti chipande. Ndikabwerako ku Tete mutu umalemera ngati ndasenza thumba la simenti. Amayi anga anadwala matenda oiwalaiwala asanamwalire. Kodi ine zandiyamba? Kapena pa msinkhu wangawu ubongo sungalandirenso chiyankhulo?”

Mayi, pepani kwambiri za amayi anu. Munthu amene anasamalirapo kholo loiwalaiwala, liwu limodzi likangomuthawa mtima umathamangira komweko, ndipo n’zomveka. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri konse. Zimene mwafotokozazi ndazimva kwa akuluakulu ambiri pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa ziyankhulo: anamwino, madalaivala a mathiraki, abusa, amayi a geni ngati inu nomwe. Sindikuonamo ubongo wofooka. Ndikuonamo ubongo umene wasenzetsedwa katundu wachilendo ndipo ukulimbana naye. Nthawi yoyenera kupita kuchipatala ilipo ndithu, ndipo ndiifotokoza, koma tiyambe taona zimene zikuchitika m’mutumo.

Ndiyambe ndi Chingerezi chimene chikubwera osachiitanacho, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Ambiri timaganiza kuti ziyankhulo zimakhala m’mutu ngati zitenje pa shelefu, ukafuna Chipwitikizi ungotsitsa chokhacho, zinazo zili phee. Sizili choncho. Munthu akafuna kutchula chinthu, mayina a chinthucho a m’ziyankhulo zonse zimene amadziwa amadzambatuka nthawi imodzi. Mu 1999 ofufuza awiri ku America, Michael Spivey ndi Viorica Marian, anakhazika anthu odziwa Chirasha ndi Chingerezi patebulo pamene panali tinthu tingapo, n’kuwaveka kachipangizo kotsata kumene maso akupita. Akawauza m’Chirasha kuti asunthe marka, yomwe ndi sitampa ya pa kalata, maso awo ankayamba aponyedwa pa cholembera chimene pa Chingerezi amati marker. Zonse zinkayankhulidwa m’Chirasha, koma Chingerezi chawo chinali maso, chikumvetsera nawo.

Ndiye pa Zóbuè paja mumakhala ndi mawu atatu akulimbirana khomo limodzi ngati anthu pa minibasi ya m’mawa. Mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi, mothandizana ndi zigawo zina za mkati, ndiyo kondakitala: uyu alowe, uyu adikire. Chichewa mwachiyankhula moyo wanu wonse, ndi chimphona, choncho kondakitalayo amathera mphamvu zake pochitsekereza. Chingerezi cha ku Fomu 2 palibe akuchilondera. Chinalowa m’mutu mwanu kudzera m’kope monga chikuloweramu Chipwitikizi, komanso mawu ambiri a ziyankhulo ziwirizi amafanana: problema, polícia, passaporte, hospital. Basi chimangolowera pawindo. Kwa ophunzira chiyankhulo chachitatu zimenezi n’zofala moti ndikaziona m’kalasi sindiimitsanso phunziro.

Chipande chija ndi mbali ina ya nkhani yomweyi. Mukakhala masiku atatu ku Tete mukupondereza Chichewa, sichidzuka nthawi yomweyo mukangodutsa malire. Chili ngati mwendo umene mwaukhalira nthawi yaitali pamaliro, mukaimirira umayamba wachita dzanzi. Mu 2009 ofufuza a ku Pennsylvania State University anayerekeza ophunzira a ku America amene anakakhala ku Spain miyezi ingapo ndi anzawo amene ankaphunzira Chisipanishi ali kwawo. Opita ku Spain aja anapita patsogolo pa Chisipanishi, koma atauzidwa kuti atchule msangamsanga mawu a Chingerezi, chiyankhulo chobadwa nacho, ankatchula ochepa kuposa anzawo otsala. Awa anali achinyamata athanzi. Ndipo taonani izi: inu munaiwala dzina lokha. Chipandecho munkachidziwa, ntchito yake munkaidziwa, mwina munali mutachigwira m’manja mukuomola nsima, ndipo dzinalo linabweranso lokha. Kumeneko n’kosiyana kwambiri ndi kuiwala kwa matenda.

Kulemera kwa mutu nakonso kuli ndi chifukwa. Poti ndinu a zitenje, mukuwadziwa atelala. Telala wongoyamba kumene amayang’ana mapazi pa chopondera, kenako singano, kenako dzanja limene likukoka nsalu, thukuta lili kamukamu, ndipo ukamuyankhula ulusi umaduka. Telala wakale amasoka diresi uku akukambirana nanu za mtengo wa feteleza. Ntchito ndi imodzimodzi, koma wachiwiriyu inamulowa m’thupi. Ubongo uli ndi nkhokwe ziwiri za chikumbumtima. Ina imasunga zinthu zimene munthu angathe kuzinena, monga mawu ndi matanthauzo ake, ndipo imadalira kwambiri kagawo kotchedwa hippocampus, kamene kali mkati cha kumene kuli makutu. Inayo imasunga maluso amene amachitika osaganizira, monga kupalasa njinga kapena kupondaponda makina. Michael Ullman wa ku Georgetown University ndi amene anafotokoza kwambiri kuti wamkulu amayamba chiyankhulo chatsopano potsamira nkhokwe yoyambayo, ngakhale pa malamulo a chiganizo, ndipo pang’onopang’ono akamachigwiritsa ntchito chimasamukira ku yachiwiri. Kope lanu likudzaza nkhokwe yoyamba. Pakamwa pamafuna yachiwiri, ndipo imeneyo simadzaza ndi kuwerenga.

Makina ojambula ubongo amaonetsanso zomwezi. Kuyambira 1861, pamene dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anayeza ubongo wa munthu amene ankangotha kunena “tan” basi, takhala tikudziwa kuti kwa anthu ambiri kuyankhula kumadalira mbali ya kumanzere, cha kutsogolo. Mu 1874 Carl Wernicke anapeza dera lina cha kumbuyo kwake lothandiza kumva tanthauzo la mawu. Mu 1997 gulu la ku New York linajambula ndi MRI anthu a ziyankhulo ziwiri n’kupeza kuti amene anaphunzira chachiwiri atakula, m’dera la Broca ziyankhulozo zinkayatsa malo oyandikana koma osiyana, pamene kwa ophunzira ali makanda zinkagwera pamodzi. Anthu ena anatenga zimenezi ngati chigamulo choti wamkulu basi zake zada. Koma kafukufuku wotsatira, makamaka wa Daniela Perani ndi anzake ku Milan, anaonetsa kuti luso limene munthu wafikapo limasintha chithunzichi kwambiri. Wongoyamba amayatsa malo ambiri, kuphatikizapo a kondakitala aja. Akachidziwa bwino, chiyankhulo chatsopanocho chimayenda m’njira zofanana ndi za chakale. Inu pakali pano mukuyankhula magetsi a nyumba yonse ali oyaka, tsiku lathunthu, uku mukuwerengera ma metikali, kulondera katundu, m’dzuwa la ku Tete limene aliyense amalidziwa. Mutu ungaleke bwanji kulemera?

Pali kafukufuku wina amene ndimakonda kuuza ophunzira anga akafika pogwa ulesi. Mu 2004 ku University of Washington, ku Seattle, Judith McLaughlin ndi anzake anaveka ophunzira Chifalansa ongoyamba kumene chipewa cha timawaya tomvera magetsi a ubongo, n’kumawaonetsa mawu enieni a Chifalansa osakaniza ndi mawu opeka. Atangophunzira maola 14 okha m’kalasi, ubongo wawo unkayankha mosiyana pa liwu lenileni ndi lopeka, sekondi isanafike n’theka lomwe. Koma akawafunsa kuti lenileni ndi liti, eni akewo ankangolota. Ubongo unali utadziwa, mwini wake asanadziwe kuti wadziwa. Miyezi 8 yanu ija sinapite m’madzi. Mawu amene amabwera mutachoka pachipata ndi umboni woti alimo, kungoti njira yowatulutsira ikadali kanjira ka m’thengo.

Ubongo umasinthanso ngakhale kaonekedwe. Asilikali a ku Sweden ali ndi sukulu ya otanthauzira ku Uppsala kumene achinyamata amaphunzira Chiarabu, Chirasha kapena Chidari (chiyankhulo cha ku Afghanistan) kuyambira m’mawa mpaka usiku. Ofufuza a ku Lund University anawajambula asanayambe ndiponso patatha miyezi 3, ndipo mu 2012 anafalitsa zoti hippocampus ndi madera ena a chiyankhulo anali atakula, pamene kwa ophunzira a ku yunivesite amene ankawerenga maphunziro ena sizinasinthe chotero. Chimene chimandisangalatsa n’chakuti amene ankavutika kwambiri m’kalasimo nawonso ubongo unakula, m’dera lina la kutsogolo. Mudzati amenewo ndi anyamata. Zoona. Koma ku Hamburg mu 2008 anthu a zaka pafupifupi 60 anaphunzitsidwa kuponya ndi kuwakha timipira titatu, ndipo nawonso makina anaonetsa kusintha. Pa 46 mukadali kutali.

Tsopano za mwana wanu, amene ndikuganiza kuti amakusekani nthawi zina. Pali chinthu chimodzi chimene wakuposanidi, ndicho khutu. Janet Werker ndi Richard Tees ku Canada anaonetsa mu 1984 kuti khanda la miyezi 6 mpaka 8 limasiyanitsa kamvekedwe ka zilembo za m’ziyankhulo zimene silinamvepo, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 limayamba kumva zokhazo zimene zili ndi ntchito m’chiyankhulo cha pakhomo. Ife a Chichewa tili ndi chitsanzo pafupi. Kwa ife l ndi r ndi chinthu chimodzi: tikalemba timati kulira, koma wina akati kulila palibe amasokonezeka. Ubongo wanu unaphunzira kale, mukadali kumbuyo kwa amayi, kuti kusiyana kumeneko n’kopanda pake, ndipo unakutaya. Pa Chipwitikizi carro ndi galimoto, caro ndi chinthu chodula, calo ndi khungu lokhakhala lija limabwera m’manja mwa wolima. Pão ndi buledi, pau ndi ndodo. Palinso chizolowezi chathu choika lembo la liwu pakati pa zilembo zogundana, mmene tinapangira sukulu ndi buledi. Si lilime lokha limachita zimenezo. Emmanuel Dupoux ndi anzake mu 1999 anapeza kuti anthu a ku Japan, amene chiyankhulo chawo chimachitanso chimodzimodzi, akamvetsera liwu lopeka loti ebzo amamva ebuzo, kumva u amene palibe. Mwana wa zaka 9 khutu lake likadali lofewa kuposa lanu, ndipo kalankhulidwe kake kadzamveka ka komweko. Kanu mwina kadzakhalabe ndi fungo la ku Mwanza, ndipo ine sindiona vuto pamenepo, ogula safuna kalankhulidwe. Komabe khutu la wamkulu limaphunzitsika. Akuluakulu a ku Japan anaphunzitsidwa kusiyanitsa r ndi l pomvera mawu awiriawiri otchulidwa ndi anthu osiyanasiyana, ndipo anasintha, kumva ndi kutchula komwe. Mphunzitsi muli naye kale m’banja. Mwanayo azitchula caro kapena calo atabisa pakamwa, inu muziloza limene mwamva, mphindi 5 zokha, kenako bambo ake atchulenso.

Pa zina zonse, musadziyerekeze naye musanawerenge maola. Iye amakhala m’Chipwitikizi kusukulu masiku 5 pa sabata, amasewera nacho, amakangana nacho, akalakwitsa anzake amamuseka n’kupitiriza masewera. Inu mumapita kawiri pa mwezi, ndipo ndikhulupirira kuti mumsika mukangokakamira pang’ono wogulitsa amatembenukira ku Chinyungwe kapena Chichewa, malonda n’kutheka. Kumeneko n’kukoma mtima kwawo, koma kukulandani phunziro. Mutawerenga mphindi zimene pakamwa panu patulukadi Chipwitikizi pa mwezi, mwina sizikwana ola. Kafukufuku wa pa intaneti wa mu 2018 wa anthu pafupifupi 670,000, wochitidwa ndi Joshua Hartshorne ndi anzake, anapeza kuti kuphunzira malamulo a chiyankhulo kumakhala kofulumira mpaka cha pa zaka 17, kenako liwiro limatsika. Kutsika liwiro, osati kutseka khomo.

Mulinso ndi chuma chimene simukuchiwerengera. Mzungu wa Chingerezi amalira ndi o ndi a wa Chipwitikizi, kuti bwanji sapato novo (nsapato yatsopano) koma capulana nova (chitenje chatsopano). Inu kuyambira ubwana mumanena kuti chitenje changa chatsopano, nsapato yanga yatsopano, osaphonya. Ubongo wanu unazolowera kale kuti dzina limalamula mawu otsatira, ndipo m’Chichewa magulu a mayina ndi ambiri kuposa awiri a Chipwitikiziwo. Ndiponso nsapato, kalata, chipewa, mbatata, kapitawo ndi kachasu ndi sapato, carta, chapéu, batata, capitão ndi cachaça amene anawoloka kalekale.

Nanga kuti zii kuja? Ndi mantha, ndipo mantha ali ndi njira yake m’ubongo. Munthu akaima pamaso pa wa yunifomu, pasipoti ili m’manja, mzere uli kumbuyo, thupi limatulutsa timadzi tokonzekera ngozi, ndipo mbali ya kuseri kwa chipumi ija ndi imene imayamba kufooka. Kondakitala akathawa, pakhomo pamangodzadzana, palibe wolowa. Mankhwala ake ndi kukhala ndi ziganizo zochepa zimene sizidikiranso kondakitala. Ndinali ndi dalaivala wina m’kalasi amene ankadziwa mawu ochuluka kuposa anzake onse koma pamalire ankangoti kakasi. Tinasiya kope lake kwa masabata atatu. Tinalemba mafunso amene amafunsidwa nthawi zonse, ukuchokera kuti, ukupita kuti, wanyamula chiyani, ukhala masiku angati, ndipo ine ndinkaima ngati ofesala, nkhope ili gwa, iye n’kumayankha ataimirira, mapepala ali m’manja. Poyamba ankaseka, kenako ankakwiya, kenako mayankho anayamba kutuluka okha. Inunso chitani zomwezo ndi bambo a kunyumba, ngakhale pa foni. Ndipo mulowezeretu mawu ogulira nthawi: Fale devagar, por favor, kutanthauza kuti yankhulani pang’onopang’ono, ndi Pode repetir?, kupempha kuti abwereze. Mukangotulutsa chiganizo chimodzi, mtima umatsika ndipo enawo amatsatira.

Kope lija musalitaye, koma musinthe kagwiritsidwe kake. Kuwerenga mobwerezabwereza kumanyenga, chifukwa liwu ukaliona umati ndikulidziwa. Mu 2008 Jeffrey Karpicke ndi Henry Roediger anaphunzitsa ophunzira a ku America mawu 40 a Chiswahili. Amene anapitiriza kudziyesa pa mawu onse anakumbukira pafupifupi 80 pa 100 patatha sabata, pamene amene anasiya kudziyesa atangolondola kamodzi anakumbukira pafupifupi limodzi pa atatu alionse. Choncho phimbani mbali ya Chipwitikizi ndi dzanja, muone la Chichewa, mulikoke lokha m’mutu, mulitchule mokweza. Kuvutikira kuja ndi kumene kumalambula njira. Mawu 8 kapena 10 pa tsiku akwana, ndipo akhale a geni yanu: mitundu ya nsalu, manambala, kutsitsa mtengo, chenje. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Lamlungu lokha.

Musadulenso tulo chifukwa cha foni. Nicolas Dumay ndi Gareth Gaskell ku England anapeza mu 2007 kuti mawu atsopano amayamba kukhala ngati mawu enieni a m’mutu, olimbirana malo ndi akale, pokhapokha munthu atagona. Amene anaphunzira usiku n’kugona anaonetsa zimenezi patatha maola 12, pamene ophunzira m’mawa anadikira mpaka atagona nawonso. Usiku hippocampus imakhala ikututira zimene yatola masana ku nkhokwe zokhalitsa. Kuphunzira madzulo kuli bwino, bola kusakudyereni tulo.

Tifike pa mantha anu enieni. Matenda oiwalaiwala amene amabwera munthu atakalamba, nthawi zambiri sayenda mwachindunji kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, ngakhale kuti kukhala ndi kholo lodwala kumakweza chiopsezo pang’ono. Zizindikiro zake sizisankha chiyankhulo kapena malo. Munthu amafunsa funso limodzi kangapo osadziwa kuti wafunsa kale, amasochera pa njira imene wayendamo zaka, amasokoneza ndalama zimene kale ankawerengera ali mtulo, amaiwala zimene zachitika m’mawa womwewo, ndipo kawirikawiri achibale ndi amene amayamba kuona. Inu mukuyendetsa geni ya ndalama za mayiko awiri ndipo mwalemba kalata yolongosoka. Mukadzaona zizindikiro zimenezi, kapena a pabanja akadzakuuzani kuti mwasintha, pitani mukaonane ndi dokotala limodzi ndi munthu amene amakudziwani bwino. Mudzamvanso anthu akunena kuti ziyankhulo zambiri zimateteza ku matendawa. Ku Toronto mu 2007 ndi ku Hyderabad ku India mu 2013 anapezadi kuti odwala a ziyankhulo ziwiri kapena kuposa anayamba kuonetsa zizindikiro mochedwa ndi zaka pafupifupi 4, ndipo ku India zinaoneka ngakhale kwa osapita kusukulu. Akatswiri akukanganabe za chifukwa chake, ndipo si katemera. Koma kuphunzira kwanuku sikukuwononga kanthu.

Pali zinthu zing’onozing’ono zimene ndingakonde kuti mukayezetse ngakhale panopa, chifukwa pa zaka zanuzi zimalemetsa mutu ndi kusokoneza chikumbumtima koma zimachizika. Yezetsani BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi. Yezetsani maso, chifukwa kupitirira zaka 40 ambiri timayamba kuvutika ndi zilembo zapafupi, ndipo kufinya maso pa foni usiku kumabweretsa mutu. Ngati msambo wayamba kudumphadumpha, mukumva kutentha usiku ndipo tulo tikuvuta, dziwani kuti amayi ambiri pa nyengo imeneyi amadandaula za mawu othawa, ndipo achipatala angakuthandizeni. Ngati mumsika mumavutika kumva ngakhale Chichewa, kayezetseni makutu. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki yake.

Chimene sichidikira mawa ndi ichi. Mawu akadzasowa mwadzidzidzi m’ziyankhulo zonse, Chichewa chomwe, kapena lilime kulemera, pakamwa kupindikira mbali imodzi, dzanja kapena mwendo kufooka, kapena mutu woopsa umene simunaumvepo wobwera kamodzin’kamodzi, imeneyo ingakhale sitiroko. Musagone kaye, musadikire kuti muwoloke malire. Pitani kuchipatala chimene chili pafupi nthawi yomweyo, kaya ndi ku Mwanza, ku Moatize kapena ku Tete, ngakhale zitaoneka ngati zatha patapita mphindi zochepa. Chimodzimodzinso mutu wobwera ndi kutentha thupi, kusanza kapena kuona zinthu ziwiriziwiri.

Ulendo ukubwerawu musankhe wogulitsa mmodzi amene mumagwirizana naye, mumuuze kuti ndi inu aziyankhula Chipwitikizi chokha ngakhale mukakamire bwanji. Musananyamuke, dzijambuleni mawu pa foni kwa mphindi imodzi mukufotokoza katundu amene mukukagula, musamvetsere, mungosunga. Pakatha miyezi 3 mudzajambulenso nkhani yomweyo n’kumvetsera zonse ziwiri motsatizana, ndipo mudzandilembere zimene mwamva, pamodzi ndi zotsatira za BP ndi maso zija.